Tinkhumba ta Kezia M'munda wa a Chavula

Tsiku limene zotsatira za mayeso a Fomu 4 zinatuluka, Kezia Harawa anawerenga mndandanda wa mayina katatu, chala chikutsetsereka pakhoma la ofesi ya sukulu. Dzina lake panalibe. Aka kanali kachiwiri.

Mwina mukuti kulephera mayeso si maliro. Zoona, koma zimatengera nyumba imene munthu wabadwira. Bambo ake, a Manasseh Harawa, anali mphunzitsi wamkulu wopuma komanso mkulu wa mpingo ku Henga. Mkulu wake Muriel anali namwino, mlongo wake amaphunzira zaubusa. Pakhomo pamenepo ngakhale mkangano wa mchere umachitika m'Chingelezi.

A Harawa sanakalipe. Kukalipa kukanakhala bwino. Anangovula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali, kenako anafunsa motsitsa mawu: "Ndiye pa Sabata anthu tikawauza chiyani?"

Kezia analira milungu iwiri. Mlungu wachitatu anamutumiza ku Katowo kwa asibweni ake, a Overton Msiska, alongo a mayi ake, ati akapumeko kaye. Iye anamva bwinobwino tanthauzo lake. Amamuchotsa pamaso pa anthu.

A Overton anali makaniko. Anali ndi kashedi ka malata kuseri kwa magolosale, momwe amakonzeramo njinga zamoto ndi mainjini a zigayo. Anamutenga Kezia kuti azigwira ntchito zapakhomo, koma kunyong'onyeka kunkamukokera kushediko. Anayamba ndi kupatsira masipanala. Kenako kutsuka mapulagi. Pomatha chaka anali akumasula kabuleta yekha, ndipo injini ikangolira patali amatha kunena chimene chikuivuta mwini wake asanatsike n'komwe.

"Iwe mutu uli nawo," anatero a Overton tsiku lina. "Kungoti wako anauika m'manja."

Aka kanali koyamba kuti munthu wamkulu amuyamikire, ndipo Kezia anapita kuseri kwa shedi kukapukuta misozi ndi nsanza ya oilo.

M'chaka cha 2013, malo ena ogona alendo cha ku Nyika anatsekedwa, katundu wakufa n'kugulitsidwa ngati zitsulo. A Overton amafuna jenereta yokha, koma anawauza kuti atenge mulu wonse. Pansi pa muluwo panali tinjinga tamoto tinayi ta matayala anayi, tating'ono, tokwera ana a alendo. Tonse tinali takufa, mipando itadyedwa ndi makoswe.

"Izi n'zotaya," anatero a Overton.

"Mundipatse ine, asibweni."

"Utani nazo?"

"Sindikudziwa. Mundipatse basi."

Zinamutengera miyezi khumi. Kamodzi anakaphwasula konse kuti kapereke ziwalo kwa tinzake. Mipando anasoka ndi chikopa cha mbuzi. Tsiku limene koyamba kanalira, kanalira mwa mkonono, ndipo ana amene anaunjikana pakhomo la shedi anakatcha kankhumba. Dzinalo linakakamira mpaka lero.

Kunena zoona, poyamba Kezia sanaganize bwino. Anaika miyala iwiri kuseri kwa msika, nati ana azizungulira pamenepo Loweruka. Ana a pa Katowo amene ankathamangitsa magalimoto a mawaya anapezeka akugwira chiwongolero chenicheni, ndipo chimwemwe chawo chinamulowa Kezia mpaka m'mafupa. Kwa nthawi yoyamba anaona kuti pali chinthu padziko chimene chilipo chifukwa cha iye.

Loweruka lachitatu, Thandi, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri wa mayi Isabella ogulitsa zitenje, anapitirira mwala uja n'kulowa mumsewu. Pikapu yodzaza matumba a chimanga inali ikutsika. Mabuleki analira, fumbi linakwera, anthu anagwira pamutu. Fumbilo litatsika, Thandi anali m'ngalande, atasupuka chigongono chokha.

Mayi Isabella ananyamula mwana wawo. "NyaHarawa, ukanandiphera mwana lero. Ukanandiuza chiyani?"

 Wapolisi amene anafika analankhula mwachidule: akadzationanso tinkhumbato pamsewu kapena pamsika, adzatitenga tonse titatu. Madzulo omwewo bambo wina wa ku Mzuzu wogula zinthu zakale, dzina lake Donald, anafika pashedi kudzanena kuti iye akhoza kutigula. Anthu amtundu umenewu fungo la tsoka amalimva msanga.

Nkhani inaima poyera. Kezia apeze malo otetezeka oti ana azithamangitsirapo tinkhumba, apo ayi atigulitse, ntchito ya miyezi khumi ithere pa pikapu ya Donald.

Anayamba kuyenda. Pa sukulu ina anamuuza kuti awononga bwalo la mpira. Pa tchalitchi china akulu a mpingo anakhala pansi kukambirana maola awiri, n'kumuyankha kuti nkhaniyo aiika m'mapemphero. Anayesa kudambo, kankhumba kanatitimira mpaka mpando, ndipo anachita kukazula ndi ng'ombe za eni ake anyamata oweta akuseka. Ena ankamulola m'mawa, madzulo n'kutumiza uthenga woti akazi awo akana. Ena ankangomuyang'ana ovolosi yakeyo n'kufunsa kuti kodi si mwana wa a Harawa aphunzitsi ameneyu. Malo khumi ndi anayi anamukana.

Kumapeto kwa Meyi anapalasa njinga kupita ku Hewe kukakonza pampu ya mlimi wina wa fodya, a Hezron Chavula. Anali bambo wachikulire, woyenda atagwira m'chiuno, ana ake aamuna onse ali ku Joni. Pamene Kezia amamanga pampuyo, maso ake anali pamunda wa kumunsi kwa nyumba. Fodya anali atathyoledwa kale, koma mapesi anali chiimire, ena ataphukanso.

Amene simunalimepo fodya, dziwani kuti mapesi amenewa sasiyidwa m'munda. Akaphuka amasunga nsabwe ndi matenda mpaka chaka chamawa, ndipo matendawo salemekeza malire, amalowa ndi kwa anansi omwe. N'chifukwa chake alangizi salola, anzako a m'kalabu ya alimi nawonso salola. Ndi ntchito yotopetsa, yobwera munthu atatha kale mphamvu ndi kusankha fodya.

"Mapesiwa bwanji, adada?" anafunsa Kezia.

"Msana, mama. Alangizi abwera kawiri. Akuti akabweranso kachitatu anditulutsa m'kalabu."

Kezia anaika sipanala pansi. "Ndikawazula onse n'kuwatentha, mungandibwereke mundawu mpaka nthawi yolima?"

"Ulimemo vichi chilimwe chino?"

"Sindilima. Ndikufuna ana azithamangitsiramo tinjinga."

A Chavula anamuyang'ana nthawi yaitali, monga munthu amayang'anira mbuzi yotchipa kwambiri pamsika. Kenako anayang'ana mapesi aja. "Zula kaye, tione."

Anazula masiku khumi ndi limodzi, yekha. Phesi la fodya limamata m'manja, limanunkha, ndipo muzu wake umakana ngati uli ndi mlandu ndi iwe. Atamaliza anatentha mulu wonse, n'kutenga khasu kusalaza njira yokhotakhota pakati penipeni pa munda. Mizere ina anaisiya dala kuti tinkhumba tizidumphapo. M'makona anaikamo matayala akale ndi matumba a mankhusu.

Ulendo uno anaganiza asanayambe. Pa kankhumba kalikonse anamangapo kabawuti kochepetsa liwiro. Anapeza mahelemeti atatu ang'onoang'ono. Anaika malamulo osakambirana: wopanda nsapato asakwere, wopanda kholo kapena womuyang'anira asakwere, woposa zaka khumi ndi ziwiri akhale woonerera. Abambo ena ankanyengerera kuti alaweko pang'ono, iye n'kuwauza kuti akabadwenso kaye.

Miyezi itatu imeneyo inali yokoma. Loweruka lililonse ana ankabwera wapansi, ena pa kaliyala ya njinga, ena pa pikapu kuchokera ku Katowo. Mayi Isabella anakana milungu inayi, koma kulira kwa Thandi kunawagonjetsa. Anabwera, anaima m'mphepete atapinda manja, nkhope ili gwa. Mwana atazungulira kachiwiri, anthu anawamva akukuwa kuti aponde moto.

Mukanakhala inu mukanati nkhani yatha bwino. Kezia nayenso anatero.

Kumayambiriro kwa Okutobala a Chavula analowa m'munda ndi khasu kuti ayambe kuunga mizere ya chimanga. M'mbali zinayenda. Atafika panjira ya tinkhumba ija, khasu linangolira ngwee, n'kudumpha. Anayesa pena, chimodzimodzi. Matayala aja, pozungulira malo amodzimodzi miyezi itatu, anali atatsendera dothi mpaka kusanduka njerwa. Ndipo njirayo, pokhala yokhotakhota, inadutsa paliponse pamene panali chonde chenicheni.

Anatumiza uthenga kuti Kezia abwere. Atafika anamupatsira khasu. Kezia anatema kamodzi, mpini unamunjenjemeretsa mpaka m'mapewa.

"Munda uwu ndi umene ndimadyera ine ndi adzukulu anga," anatero a Chavula. "Ndinakukhulupirira, NyaHarawa. Tenga tinkhumba tako. Kuno yayi."

Nkhani inafalikira Hewe yense dzuwa lisanapendeke. Anzawo a m'kalabu ankawaseka a Chavula kuti chaka chino abzala chimanga pa msewu wa tala. Amene anamukana Kezia kale ankayenda chifuwa chili patsogolo, akuti ife tinaoneratu. Khomo limene linali lotseguka pang'ono linatsekeka, ndipo panalibenso mlimi amene akanamvera za mapesi.

Donald anatulukira ndi pikapu yake. Muriel anaimba foni kunena kuti adada akuti abwerere kwawo akayesenso mayeso kachitatu, zoseweretsa ana zakwana. Ngakhale a Overton, amene sanamufooketsepo, anakhala pa chitini cha oilo n'kunena mwachifundo: "Mwana wane, wayesetsa chomene. Gulitsa. Ntchito ya njinga zamoto ilipo, sufa ndi njala."

Kezia anachita manyazi aakulu, oposa a tsiku la mayeso lija. Pa mayeso anadzipweteka yekha. Apa anali atapweteka nkhalamba imene inamuchitira chifundo.

"Za kugulitsa mundidikire mpaka mvula igwe," anauza Donald. Kenako anatembenukira kwa asibweni ake. "Mundibwereke piki."

"Ukuganiza kuti akupatsanso malo?"

"Sindikudziwa. Koma dothi lija ndalimbitsa ndine."

M'mawa mwake anali m'munda wa a Chavula dzuwa lisanatuluke. Sanapemphe chilolezo, ndipo eni ake sanamuthamangitse. Okutobala wa ku Hewe mumamudziwa, dzuwa lake silichita nthabwala. Ankatunga madzi kudambo m'madiramu awiri, kankhumba kakukoka kangolo, n'kuthira panjira ija kuti ifewe. Mawa lake ankaswa ndi piki, n'kuphwanya zibuma ndi msana wa khasu. Kenako ankatuta manyowa m'khola n'kusakaniza. Tsiku loyamba anaswa malo osakwana mapazi makumi awiri. Anayang'ana kutalika kwa njira yotsala, n'kudzitukwana chifukwa chokonda makona ambiri.

Matuza anatuluka, anaphulika, ena anatuluka pamwamba pake. Anakulunga manja ndi nsanza n'kupitiriza. Odutsa ankaima kuonerera. Ena ankamufunsa ngati wapeza golide.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi anamva khasu lina likulira kumbuyo kwake. Anali mayi Isabella, atamanga chitenje cholimba m'chiuno, atatseka shopu yawo.

"Usandiyang'ane," anatero. "Thandi wazungulira pano kuposa ana onse. Theka la njerwayi ndi lake."

Loweruka lotsatira anabwera makolo asanu. Linalo anabwera khumi ndi awiri, ena ndi makasu, ena ndi ndowa. Sindikunamizani kuti onse a ku Hewe anasintha mtima. Oseka anapitiriza kuseka. Koma pomatha milungu itatu njira ija inali itasowa, ndipo m'malo mwake munali mizere yowongoka, yakuda ndi manyowa, yodikira mvula.

Masiku onsewo a Chavula ankakhala pamthunzi wa chigafa chawo, shedi youmitsiramo fodya, akuonerera. Tsiku lomaliza Kezia anapita kukagwada pambali pawo.

"Phepani chomene, adada. Munda wanu ndi uwo. Ndikupita."

Nkhalambayo inadzuka pang'onopang'ono. "Tiye kuno."

Anamutsogolera kumalire a munda. Kumeneko kunali kanjira kolambulidwa, kotambalala mapazi angapo, kozungulira munda wonse, kudutsa kuseri kwa zigafa ziwiri ndi kankhalango ka bulugamu, n'kubwerera kunyumba. Udzu unali utayambanso kumera m'malo ena.

"Ukudziwa ichi n'chiyani?"

"Ndi polambulira moto."

"Enya. Chaka ndi chaka osaka mbewa amayatsa tchire, ndipo chaka ndi chaka ndimalambula pano kuti moto usafike pa zigafa ndi mitengo yanga. Msana wangawu unathera pano. Pano sindifuna kuti pamere kanthu, olo kaudzu kamodzi." Anaima, n'kumuyang'ana. "Tinkhumba tako timapha chilichonse chimene taponda. Nanga unatiikiranji pakati, pamene ndimafuna zomera?"

Kezia anayang'ana kanjirako. Malo amene anawafunafuna miyezi yonseyi anali akuwadumpha m'mawa uliwonse polowa m'mundamo.

"Simunandiuze, adada."

"Nanenso ndaganiza dzana. Milungu itatu ndakhala apo, ukuganiza ndimaonerera chiyani?" Anaseka mpaka kugwira msana. "Munthu wowononga n'kuthawa ndawaona ambiri. Wobwerera ndi piki ndaona iwe. Mvula ikatha ubwere. Uziyenda m'mphepete, pakati usapondepo."

 Kezia anawomba m'manja mwake motupa muja pothokoza.

Mvula yoyamba itagwa, Donald anafikadi pashedi, zingwe zomangira katundu zili kale m'manja. Kezia anamupatsa mpando, anamufunsa za ulendo, kenako anamuuza kuti tinkhumba tili ndi kwawo tsopano. Munthuyo anabwerera ndi mabatire akufa awiri kuti asapite chimanjamanja.

Chimanga cha a Chavula chaka chimenecho chinachita bwino, makamaka muja munathiridwa manyowa. Amene ankanena za tala anayamba kulankhula za nyengo.

Mu Juni 2015 Kezia anazulanso mapesi pa munda wina wa nkhalambayo, ulendo uno ndi makolo ambiri, ntchito inatha masiku awiri. Kenako anatambalitsa kanjira ka m'mphepete kaja, n'kukonza makona. Anansi awiri a a Chavula, ataona kuti udzu wa m'malire ukufa wokha popanda munthu kuwerama, anabwera kudzafunsa ngati njirayo singakhotereko kwawo. Inakhotera. Inakhala njira yaitali, yokwera ndi kutsika, yopanda galimoto ngakhale imodzi.

Mpikisano weniweni woyamba unachitika Loweruka lomaliza la Julayi. Ana makumi atatu ndi anayi analembetsa, ochokera ku Hewe, ku Katowo, ena mpaka ku Henga. Ankathamanga atatuatatu. A Overton anaima pa kona yoopsa ndi mbendera yofiira yosokedwa kuchokera ku malaya awo akale. Wapolisi uja anabwera ndi mwana wake wamkazi, n'kufola pamzere wa mahelemeti ngati wina aliyense. A Chavula anapatsidwa wezulo yoyambitsira, ndipo ankaiimba ngakhale pamene sipamafunika.

Fumbi linakwera, amayi analulutira, agalu anasokonezeka mitu. Kamtsikana ka zaka zisanu ndi zitatu ka ku Hewe komweko, kamene kanabwereka nsapato za mchimwene wake n'kuikamo mapepala kuti zikwane, ndi kamene kanapambana onse. Mphoto yake inali tambala. Kanamunyamula mozondotsa, tambala akukuwa, ikonso kakukuwa. Palibe mwana amene anavulala tsiku limenelo, ndipo Kezia, amene anagwira mtima m'manja kuyambira m'mawa, anakhala pansi pa tayala n'kupuma.

Ali pomwepo anaona abambo anayi akubwera, zipewa zili m'manja. Awiri mwa iwo anawazindikira. Anali ena mwa aja anamukana.

"NyaHarawa," anayamba wamkulu wawo, akukanda kumutu, "kwathu kulinso zigafa. Malire ake ndi aatali kuposa ano."

"Kwanga kuli kachitunda kabwino," anadula mnzake. "Ana angasangalale chomene."

A Chavula anafika akutsimphina, wezulo ili pakhosi. "Imani pamzere, madoda. Uyu ndinayamba kumuona ndine."

Kezia anatulutsa kabuku m'thumba la ovolosi, n'kuyamba kulemba mayina awo ndi miyezi imene adzafike kwa aliyense. Wachinayi anamuuza kuti adikire chaka chamawa, malo achuluka.

Lero tinkhumba tilipo tisanu ndi tiwiri, ndipo atsikana awiri amene anakwerapo ali ana akuphunzira umakaniko pashedi pa Kezia. Iye mayeso a Fomu 4 sanawalembenso. Alimi a m'chigwa cha Hewe akamaliza kuthyola fodya amayamba kumuimbira foni, aliyense akufuna kuti chilimwe chimenecho ana akathamangire kwake.

Inu amene mukuwerenga, mwina mwakanidwa malo khumi ndi anayi. Mwinanso zafika poipa kuposa apo: munapatsidwa mwayi, n'kuuwononga ndi manja anu omwe, ndipo manyazi akukuuzani kuti musadzaonekenso kumeneko. Musawamvere. Bwererani komweko m'mawa, mukonze chimene munaononga, ngakhale palibe amene wakulonjezani kanthu. Pali wina wakhala pamthunzi akukuonani. Musataye mtima, nyamulani piki.